Mlendo ndi mame, nanga kasitomala?

Kuno kumpoto kwa Mangalande, aliyense amene anayendako pa Wilmslow Road ku Rusholme madzulo a Loweruka akudziwa kuti mtundu wa anthu ukakhazikika m'dziko la eni, chimene chimayamba kuonekera pamsewu ndi mphika wake. Anthu a ku Pakistan, India ndi Bangladesh anayala miphika yawo pamsewu umenewu mpaka unapatsidwa dzina loti Curry Mile, ndipo lero alowapo Aluya ndi ena ambiri ndi nyama zawo zowotcha. Matchaina ali ndi chipata chawo pa Faulkner Street ku Manchester chimene chinaimikidwa mu 1987, ndi china chachikulu pa Nelson Street ku Liverpool chimene chinachokera ku Shanghai mu 2000. Za ku Bradford ndiye sindinena, mphuno imakutsogolera yokha ukangotsika sitima.

Afilipino anachedwa kutulutsa mphika wawo. Akhala ali kuno mwaunyinji kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pamene zipatala za NHS zinayamba kukalemba manesi ku Manila, koma kwa nthawi yaitali chakudya chawo chinkathera m'nyumba zawo, m'maholo a tchalitchi ndi pa zikondwerero za m'nyengo yotentha zimene amazitcha barrio fiesta. Zinthu zinasintha moonekera mu Okutobala 2018 pamene Jollibee, kampani ya kwawo ya nkhuku yokazinga, inatsegula malo ake oyamba ku Earl's Court mu London, anthu n'kufola pamzere kuyambira usiku, kuzizira kuli konseko. Mu 2020 inafika pakati penipeni pa Liverpool, pa Whitechapel, kenaka inatsegulanso ku Leeds ndi ku Newcastle. Pambali pa kampani yaikuluyi pabadwanso timalo ting'onoting'ono ta mabanja, tina m'misika ya zakudya, tina totsegula kumapeto kwa sabata kokha, momwe mayi amaphika, bambo amalandira ndalama, mwana wa ku koleji amaperekera mbale.

Nkhani imeneyi yandisowetsa mtendere, osati chifukwa ndikufuna kutsegula bizinesi ayi, koma chifukwa cha funso limene yabwera nalo. Kodi n'koyenera kutenga chakudya chimene mayi ako ankakupatsa ulere, chimene mlendo kwanu amadya osafunsidwa ndi tambala yomwe, n'kuchiika pa menyu pakati pa tauni, kuchichotsa fungo ndi ukali kuti chigwirizane ndi lilime la eni dziko, n'kulembapo mtengo wa mapaundi? Munthu wotero akulemekeza kwawo kapena akugulitsa kwawo? Funsoli ndalitengera kwa Afilipino chifukwa iwo afika kale pamphambano pamene ife Amalawi sitinafike, ndipo kuya kwa mtsinje umakuona bwino pa mnzako amene ali kale m'madzi.

Paja anthu amenewa ndi anzathu a ulendo umodzi. Pamene manesi athu ankasiya Queens ndi Kamuzu Central kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anawo ankasiya zipatala za ku Manila, Cebu ndi Iloilo, ndipo tinakumana m'mawodi omwewo, m'nyumba zosamalira okalamba zomwezo, pa shifiti ya usiku yomweyo. Za ife kunafala mbiri yoti ku Manchester kuli madotolo a ku Malawi ambiri kuposa otsala kumudzi, mbiri imene a BBC anaifufuza mu 2012 n'kupeza kuti inali yokokomeza. Za iwo, dziko lonse linaona pa 8 Disembala 2020 ku Coventry pamene nesi wa ku Philippines, May Parsons, anabaya katemera woyamba wa Covid kunja kwa kafukufuku. Nawonso kutha kwa mwezi amakhala pamzere wotumiza ndalama kwawo. Nawonso ali ndi abale amene amaganiza kuti kuno ndalama zimathyoledwa mumtengo. Ife timatumiza masutikesi ndi munthu amene akupita ku tchuthi, iwo amadzaza makatoni akuluakulu otchedwa balikbayan, sopo, nsapato, chokoleti, mpaka katoni kutupa.

Ngakhale mbale yawo si yachilendo kwa mwana wa ku Malawi. Msuzi wawo wowawasa wa sinigang amauwawasitsa ndi bwemba, bwemba yemweyu amene tinkagenda pobwera kusukulu. Kare-kare ndi mchira wa ng'ombe ndi masamba mu msuzi wa mtedza, moti munthu wokulira nkhwani wotendera akalawa amangogwedeza mutu. Masamba a chammwamba, amene iwo amati malunggay, amawathira mu msuzi wa nkhuku. Ali ndi tuyo, tinsomba touma tamchere timene ukatikazinga mufulati fungo limakafika mpaka kwa aneba a pamwamba, ndipo amene anakazingapo usipa ku Salford mawindo ali otseka m'nyengo yachisanu sakufunika kumufotokozera. Sataya mutu wa nkhumba, sataya zam'mimba, sataya ndi magazi omwe. Kusiyana kwakukulu n'koti pamene ife timati sitinadye ngati sitinadye nsima, iwo amatero ndi mpunga.

Ndiye pali kamayan. Liwuli likuchokera ku kamay, kutanthauza dzanja, ndipo kamayan ndi kudya ndi manja. Amayala masamba a nthochi patebulo lonse, pakati n'kuunjika mpunga ngati mzere wa m'munda, pambali pake nsomba yowotcha, nkhumba, nkhanu, mazira amchere, mango, ndipo onse amasamba m'manja n'kudya pamodzi popanda mbale, supuni kapena foloko. Ndinadyako chakudya chotere ndi anzanga a kuntchito pa kamalo kena ka Afilipino mu Manchester, kumene umayenera kusungitsa tebulo masiku angapo zisanachitike. Chakudya chinali chokoma zedi. Pa tebulo loyandikana nafe panali achinyamata achizungu, ndipo asanagwire kalikonse anayamba aimirira pamipando kujambula ndi mafoni, kenaka n'kumaseka mmene mpunga ukuwapulumukira m'zala. Sindikuwanena zoipa, anali osangalala ndipo analipira. Koma mayi wina wa ku Philippines amene tinali naye, nesi wamkulu amene tonse timamutcha Ate, ngati mmene ife timanenera kuti achemwali, nkhope yake inagwa pang'ono.

Maganizo ake anatiuza tili pa basi, ndipo ndiwafotokoza mmene ndinawamvera. Iye anakula akudya ndi manja kumudzi kwawo, ndipo atapita ku tauni kukaphunzira anaphunzitsidwa kuti kudya kotero n'kwa anthu osauka ndi osaphunzira. Atafika kuno anaphunzira kusatsegula kontena ya nsomba m'chipinda chopumira antchito chifukwa wina amatsegula windo osalankhula kanthu. Lero dzanja lomwe lija ankalibisa lasanduka chionetsero cholipiritsa, ndipo mtengo wa munthu mmodzi pa tebulo la masamba a nthochi ukhoza kudyetsa banja la mchemwali wake kwa masiku. Anaonjeza kuti bagoong, phala la tinkhanu tovunditsa limene limapatsa kare-kare moyo, analiika pang'ono ngati mankhwala, kuopa kuthamangitsa makasitomala. Mwachidule iye ankaona kuti aphikira azungu, iye n'kukhala mlendo pa chakudya cha mayi ake.

Dandaulo limeneli si lopepuka, ndipo Mmalawi ayenera kulimva msanga. Kwathu chakudya si katundu poyamba, ndi ubale. Munthu wodutsa pamsewu akakupezani mukudya mumamuitana kuti asambe m'manja, ndipo iye akakana mumamukakamiza mpaka ateme mbamu imodzi. Afilipino nawo amati kain tayo, tiyeni tidye, ngakhale kwa munthu amene sakumudziwa. Pamaliro, paukwati, pa dima, palibe amene amawerenga mitanda imene wadya. Nsima ya m'mbale imodzi imakuphunzitsa kuyang'ana mnzako, kudziwa kuti nthuli yatsala imodzi ndipo pali wamng'ono amene sanatoleko. Ukatenga mwambo umenewu n'kuugawa pa mutu pa mutu, aliyense n'kulipira zake ndi khadi, kunja kwake kumaoneka chimodzimodzi koma cham'kati chachoka. Zili ngati gule wa kudambwe akamavinidwa pa hotela ya kunyanja nthawi ya chakudya chamadzulo: ng'oma ndi zomwezo, koma aliyense akudziwa kuti si zomwezo.

Komabe ndikalondola dandauloli mpaka kumapeto, ndimapeza kuti mbali ina yake yaima pa mchenga. Likuganiza kuti kunali nthawi imene chakudya cha mtundu chinali choyera, chosakhudzidwa ndi mlendo. Nthawi imeneyo kunalibe. Adobo, ndiwo imene Afilipino ambiri amaitenga ngati chizindikiro cha dziko lawo, ndi nyama yophika mu viniga ndi adyo monga ankachitira makolo awo kuti isawole m'dziko lotentha, koma dzina lake ndi la Chisipanishi, lochokera kwa atsamunda amene analamulira zilumbazo kuyambira 1565 mpaka 1898, ndipo msuzi wa soya umene amathiramo unabwera ndi amalonda a ku China. Pancit ndi lumpia n'zochokera kwa Matchaina omwewo. Tomato, tsabola ndi chimanga zinawoloka nyanja kuchokera ku Mexico pa zombo zimene zinkayenda pakati pa Acapulco ndi Manila mpaka 1815. Kechapu wa nthochi, amene Afilipino amamukonda, amamugwirizanitsa ndi dzina la Maria Orosa, katswiri wa sayansi ya zakudya amene ankafuna kuti dziko lake lisadalire zakunja, ndipo anafa pa nkhondo ya mu Manila mu 1945. Sisig, mutu wa nkhumba wodulidula wobwera uli chithithithi pa mbale yachitsulo, anatchuka ku Angeles pafupi ndi bwalo la asilikali a ku America la Clark, ndipo nkhani imati mitu imene asilikaliwo sankaifuna ndi imene anthu ankagula motchipa. Chimene lero alendo akuchijambula chinayamba ngati zotaya za mlendo wina.

Tisawaseke, chifukwa nsima yathu nayo ndi mtengwa. Chimanga chinachokera ku America n'kufika ku Africa ndi zombo za Apwitikizi, ndipo makolo athu asanachilandire ankadya nsima ya mapira ndi mawere. Chinangwa cha kondowole, mbatata, mtedza wa nsinjiro, tomato, ngakhale tsabola amene timanyadira kuti ndi wathu, zonsezi n'zobwera. Gogo wina zaka mazana angapo zapitazo ayenera kuti anayang'ana nsima yoyera ija n'kunena kuti ana amasiku ano ataya mwambo. Eni dziko lino nawonso ali m'gulu lomweli. Nsomba yokazinga imene amadya ndi tchipisi inabwera ndi Ayuda ochokera ku Spain ndi Portugal, ndipo anthu a ku Mossley pafupi ndi Oldham amalimbirana ndi a ku London za amene anayamba kugulitsa ziwirizi pamodzi m'zaka za m'ma 1860. Mu 2001 nduna yoona zakunja, Robin Cook, inanena poyera kuti chicken tikka masala yasanduka chakudya chenicheni cha dziko la Britain, chonsecho msuzi wake anauonjezera kuti akondweretse anthu a kuno okonda nyama yonyowa. Choncho kusintha pakokha si tchimo. Chakudya chimene sichisintha ndi chimene anthu asiya kudya.

Kugulitsa nakonso si tchimo. Ambiri a ife tinaphunzira sukulu ndi ndalama za zitumbuwa, mandasi ndi thobwa zimene amayi athu ankagulitsa pamsika, ndipo palibe amene ananena kuti agulitsa mwambo. Pa chiimilire ku Limbe kapena mumsika wa Lilongwe nsima imagulitsidwa tsiku ndi tsiku. Afilipino ali ndi zawo zotere, amazitcha carinderia kapena turo-turo, kumene umangoloza ndi chala mphika umene waufuna. Ndipo pali chinthu china chimene tiyenera kuchiyang'ana m'maso. Nando's inayamba ku Johannesburg mu 1987, inafika kuno mu 1992, ndipo lero ili pafupifupi m'tauni iliyonse kuyambira ku Sheffield mpaka ku Carlisle. Wina mwa tsabola amene amathira pa nkhuku yake amalimidwa ndi alimi a ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. Kutanthauza kuti kukoma kwa nthaka ya kwathu kuli kale pakati pa tauni, anthu akukulipira tsiku ndi tsiku, koma ndi angati mwa odyawo amene angaloze Malawi pa mapu? Ukakana kugulitsa chako poopa kuchidetsa, sikuti chimakhala chosagulitsidwa. Amagulitsa wina, ndipo dzina lako silikhalapo.

Ngati vuto si kusintha ndipo si kugulitsa, nanga chimene chinagwetsa nkhope ya Ate n'chiyani? Ndikuganiza kuti yankho lili m'mwambi umene tonse tinakula nawo, woti mlendo ndi mame. Taganizani zimene zimachitika kumudzi mlendo akafika. Nkhuku imene inkasungidwira Khirisimasi imaphedwa. Mayi amafunsa ngati mlendoyo amadya tsabola, ngati amadya nkhumba, ngati nsima ya mgaiwa aitha kapena apite kwa aneba kukabwereka ufa woyera. Mbale zagalasi zimatsika pa kabati. Ana amathamangitsidwira kuseri kwa khitchini kukadikira zotsala, ndipo ena a ife timakumbukira kusuzumira pazenera kuwerenga nthuli, kupemphera kuti mlendoyo akhute msanga. Zonsezi ndi kusintha chakudya ndi nyumba chifukwa cha mlendo, ndipo palibe amene amazitcha kudzigulitsa. Timazitcha ulemu. Koma ulemu umenewu umatheka chifukwa cha theka lachiwiri la mwambiwo: mame sachedwa kukamuka. Mawa mlendo apita, mbale zagalasi zibwerera pa kabati, ana abwerera pamphasa, nyumba ibwerera kwa eni ake.

Kasitomala si mame. Iye amabwera lero, mawa ndi mkuja, ndipo mwini lesitilanti amapemphera kuti asakamuke. Ukakonza nyumba yako momukomera iye monga umachitira ndi mlendo wa usiku umodzi, ndiye kuti ana a m'nyumbamo akhala kuseri kwa khitchini moyo wawo wonse. Apa ndi pamene ndikuona malire. Funso loyenera kufunsa pa malo odyera a mtundu uliwonse m'dziko la eni si lakuti asintha zingati kapena akulipiritsa zingati, koma lakuti mwini chakudyacho akalowa, amakhala pamphasa kapena kuseri kwa khitchini.

Ndisamuweruze mopupuluma mwini lesitilanti, chifukwa masamu ake ndi owawa. Lendi ya pakati pa Manchester kapena Leeds si yamasewera, pamwamba pake pali msonkho wa malo a bizinesi, magetsi ndi gasi, malipiro a antchito, ndi VAT ya 20 peresenti pa mbale iliyonse bizinesi ikangokula pang'ono. Afilipino okha sangadzaze mipando masiku asanu ndi awiri pa sabata, poti ambiri ali pa shifiti, ndipo akaweruka amaphika okha kunyumba zokoma kuposa za mulesitilanti. Popanda achinyamata ojambula aja chitseko chitsekedwa isanathe miyezi isanu ndi umodzi, ndipo Ate sadzakhala ndi poti n'kudandaulira pomwe. Choncho kasitomala wachilendo ayenera kulandiridwa, ndipo kumuchepetsera bagoong tsiku loyamba si kulakwa, monga mmene sungayambitse mlendo wa ku Ulaya therere ndi ngumbi tsiku limene watsika ndege. Chimene ndikukana ndi chakuti mbale ya mlendoyo ikhale mbale yokhayo m'nyumbamo.

Matchaina a pa Faulkner Street anapeza njira yawo kalekale. M'malo ambiri muli menyu ziwiri, ina ya Chingerezi ya zakudya zimene azungu anazolowera, ina ya m'chinenero chawo momwe muli mapazi a nkhuku, zam'mimba ndi zina zimene agogo awo amafuna. Ena amati kumeneko n'kubisa, ndipo ndikanakonda menyu yachiwiriyo ikanamasuliridwa kuti wofuna alawe. Koma taonani chimene yateteza: Lamlungu masana matebulo amadzaza ndi mabanja a Matchaina eniake, kuyambira khanda mpaka gogo, akulankhula mokweza m'chinenero chawo, ndipo mzungu wolowamo amadziwa kuti walowa m'nyumba ya eni. Ine ndikalowa pa malo a Afilipino ndimayang'ana zomwezo. Kodi dinuguan, ndiwo ya magazi a nkhumba, ilipo kwa woifuna, kapena anaichotsa poopa nkhope za alendo? Kodi zakudya zalembedwa ndi maina ake enieni, kufotokoza kwa Chingerezi n'kubwera pansi, kapena dzina lenileni labisidwa? Kodi pali mbale wamba ya mpunga ndi ndiwo imene wosamalira okalamba angaigule Lachiwiri osadikira tsiku lobadwa? Kodi Ate akapempha bagoong wambiri, woperekera zakudya amamwetulira ngati wamva mawu a kwawo, kapena amayang'ana kumbali?

Muyeso umenewu umabweretsa zotsatira zodabwitsa pa Jollibee. Munthu wokonda zamakolo akhoza kuinyoza kuti si chakudya cha Afilipino n'komwe. Tony Tan Caktiong anaiyamba mu 1975 ngati malo ogulitsa ayisikilimu ku Quezon City, ndipo zimene imagulitsa ndi nkhuku yokazinga, mabaga ndi supageti wotsekemera wokhala ndi masoseji odulidula, zonse zotengera ku America. Palibe tsamba la nthochi, palibe dzanja. Chonsecho ndi kumeneko kumene Afilipino anagona pamzere, ndi kumeneko kumene mayi amatengera mwana wobadwira ku Liverpool kuti alawe chimene iye ankadya tsiku lobadwa ali wamng'ono. Supageti wotsekemera uja Mtaliyana akhoza kulira naye, koma kampaniyo inabwera naye kuno chifukwa eni ake amamufuna choncho. Apa ndinazindikira kuti chakudya cha kwanu si chimene mabuku a chikhalidwe amanena, ndi chimene umachilakalaka ukakhala kutali. Ife tomwe tikafunsana moona mtima zimene tazisowa, pambali pa chambo pamatuluka Sobo, tchipisi cha pachiwaya chothira kabichi ndi tsabola, kanyenya wa pa depoti ndi buledi wa bondo. Palibe mwa zimenezi chimene chinachokera kwa Kalonga.

Nkhani ya dzanja ndi foni ija ndiyo imandivutabe. N'zoona kuti pali chinachake chowawa poona chimene unanyozedwa nacho chikusanduka zosangalatsa za ena. Koma ndikafunsa kuti tikadakonda chiyani, kuti apitirize kunyoza kapena kuti ayese, yankho ndikulidziwa. Wachinyamata amene mpunga unamupulumuka m'zala waphunzira ndi thupi lake kuti kudya ndi manja ndi luso, kuti pali kaumbidwe kake ndi kakankhidwe ka chala chachikulu, ndipo tsiku lina akadzaona mnzake wa kuntchito akuumba mbamu sadzatsegula windo. Kuseka kwa munthu amene akulephera chinthu chimene iwe umachitha n'kosiyana ndi kuseka kwa munthu amene akukuona ngati wotsalira. Chimene chingaipitse zinthu ndi pamene eni malowo ayamba kuchita sewero, kuvala zimene kwawo savala, kukokomeza umphawi kapena uchimidzi kuti chithunzi chikome. Pamenepo ndiye kuti sakugulitsanso chakudya, akudzigulitsa okha.

Tsono ife? Tili ku Manchester, Leeds, Bradford, Sheffield, Liverpool ndi Newcastle, ena zaka zoposa makumi awiri, ndipo nsima yathu imatuluka m'nyumba pa 6 Julaye, paukwati ndi pamaliro basi, itakulungidwa m'mapulasitiki mu kulabokosi, kupita ku holo yobwereka kunja kwa tauni kumene kulibe wodutsa. Anzathu a ku Nigeria ndi Ghana jollof yawo yadziwika, a ku Ethiopia ndi Eritrea akudyetsa azungu injera ndi manja popanda kupepesa. Tikafunsana timati ndife ochepa, ndipo n'zoona. Timatinso nsima ndi yovuta kugulitsa chifukwa imafuna kudyedwa yamoto, ndipo n'zoonanso. Koma ndikukayika ngati zifukwa zili zokhazi. Pali kamanyazi kena kamene tinabwera nako m'sutikesi, kamene kamatichititsa kuti mnzathu wachizungu akabwera kunyumba timuphikire mpunga ndi nkhuku, nsima n'kudikira apite. Kamanyazi kameneka timakatcha ulemu, mwinanso timakatcha kusunga mwambo, koma ana athu amakaona. Mwana amene amaona chakudya cha kwawo chikubisidwa alendo akabwera amaphunzira phunziro limene palibe anamuuza ndi pakamwa. Mwana wa Mfilipino akamadutsa pa Whitechapel ndi anzake a kusukulu ali ndi choloza. Pa mfundo imeneyi ine ndili kumbali ya amene atulutsa mphika, ngakhale atachepetsa bagoong.

Tsiku limene mmodzi wa ife adzalimbe mtima n'kutsegula malo akeake, mafunso a Ate adzamupeza. Ena ndi osavuta. Nsima ilembedwe kuti nsima, osati kubwereka dzina la polenta kapena la anzathu a kumwera, ndipo ofuna kudziwa afunse. Beseni ndi jagi ya madzi ofunda zizungulire patebulo monga kwathu, foloko ikhalepo kwa woipempha. Mgaiwa ukhalepo pambali pa ufa woyera. Mbewa tiiwale, a zaumoyo a kukhonsolo sangamve n'komwe. Usipa ndi utaka ndi nkhani ina: malamulo amalola munthu wapaulendo kulowa ndi nsomba zouma mpaka makilogalamu 20 zoti akadye yekha, koma zogulitsa zimafuna mapepala ena, choncho za m'sutikesi ya achimwene sizingalowe pa menyu.

Funso lovuta ndi la chambo. Aliyense wolowa pa malo a Amalawi adzafuna chambo, ndipo dzinalo lokha likhoza kudzaza matebulo. Koma nsomba imene timagula youma ndi chisanu m'masitolo a Amwenye ndi a Matchaina kuno ndi tilapia ya m'maiwe, yambiri yochokera ku Asia, mbale wake wa chambo koma yosamwapo madzi a ku Mangochi. Chambo chenicheni chikusowa ndi kumudzi komwe, moti mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu yake pa mndandanda wa nsomba zimene zili pangozi yaikulu yakutha. Mzungu sangasiyanitse, ndipo akhoza kupita kwawo akusimba kuti wadya chambo cha m'nyanja ya Malawi. Mmalawi wa ku Nkhotakota adzadziwa pa nthongo yoyamba, adzaseka, mwina osanena kanthu. Ine ndikanakhala wolemba menyuyo ndikanalemba kuti tilapia yophika ngati chambo, yong'amba pamsana, yokazinga ndi tomato ndi anyezi, ngakhale ndikudziwa kuti mzere umenewo ndi wautali ndipo sugulitsa ngati liwu limodzi lija. Mnzanga wina wa ku Leeds amene amaphikira maukwati athu akuti ndikulimbitsa zinthu, poti kumudzi komwe nsomba za m'maiwe a ku Zomba ndi za m'makhola a m'nyanja zimagulitsidwa ndi dzina lomwelo ndipo palibe amadandaula. Tinakambirana mpaka foni yake inatha moto, ndipo sitinagwirizane.